Nambala imodzi yatuluka ka 412 pa bilu ya foni ya mwana wanga, ndiwerenge mameseji ake?

Mayi wa Atatu:
Anzanga, ndagwira njakata. Mwana wanga wamkazi, wachisamba, ali ndi zaka 15. Laini yake ili pa akaunti yanga, ndimalipira ndine mwezi ukatha, ndiye bilu imabwera kwa ine pa imelo. Masiku onse ndimangoona ndalama yolembedwa kumapeto n'kulipira. Mwezi uno yakwera, ndiye ndinatsegula masamba onse. Nambala imodzi, yoti sindiidziwa, yatuluka ka 412. Mameseji okhaokha. Ambiri ndi a pakati pa 11 koloko usiku ndi 2 koloko m'bandakucha, nthawi imene ine ndimati mwana ali m'tulo.

Dzulo akusamba, foni yake inali pa tebulo ikutchaja. Pasiwedi ndimaidziwa, ndinamuonapo akuilemba. Ndinaitenga foniyo, ndinaima nayo m'manja, madzi akumveka kubafa, mtima uli thithithi. Sindinaitsegule. Ndinaibwezera pomwe inali. Koma usiku wonse ndachezera kudzifunsa ngati ndachita bwino kapena ndangochita mantha. Bambo ake sindinawauze, ndikuwadziwa, foniyo angailande lero lomwe. Ndiwerenge? Ndiimbire nambalayo? Kapena kampani ya foni ingandipatse zimene analemberanazo?

Bambo wa Mapasa:
Mayi, werengani. Foni munagula ndinu, bilu mukulipira ndinu, mwana munabereka ndinu. Munthu wa zaka 15 akuchezera ndi ndani mpaka 2 koloko? Sindikunena izi chifukwa cha nkhanza ayi. Mwana wa mlongo wanga anali ndi zaka zomwezo pamene bambo wina wamkulu anayamba kumulembera. Tinadziwa madzi atafika kale m'khosi, ndipo mlongo wanga mpaka lero amalira kuti foni ija ankaiona tsiku lililonse koma ankaopa kuikhudza. Mwana akakwiya, akwiye. Mkwiyo umatha.

Wokonza Mafoni:
Ndiyankhe za kampanizo kaye. Pa bilu pamaoneka nambala, tsiku, nthawi, ndi kutalika kwa foni imene munthu waimba. Mawu a uthenga saonekapo, ndipo kampani singakupatseni ngakhale laini ili m'dzina lanu. Ngakhale apolisi, m'maiko ambiri amafunika chilolezo cha khothi kuti atenge zinthu zotere. Njira imeneyo iiwaleni.

Chachiwiri, 412 isakuopsezeni kwambiri musanadziwe momwe amawerengera. SMS imodzi imanyamula zilembo 160. Uthenga ukapitirira pamenepo foni imaudula zidutswa za zilembo 153, ndipo chidutswa chilichonse chimawerengedwa ngati meseji payokha. Mukaikamo kankhope kamodzi kokha, ka emoji, malire amatsika kufika pa zilembo 70, ndipo zidutswa zake zimakhala za 67. Mwana wolemba zakukhosi, ndime yaitali yokhala ndi kankhope kolira kumapeto, uthenga umodzi ukhoza kutuluka ka 5 kapena ka 6 pa bilu. Taonani ngati pali mizere ingapo ya mphindi imodzimodzi.

Chimene chandidabwitsa ine n'chakuti akugwiritsa ntchito SMS. Ana a masiku ano amalemberana pa WhatsApp, Snapchat, Instagram, ndipo zimenezo pa bilu zimangooneka ngati data basi. Kodi intaneti ya pakhomo mumathimitsa usiku?

Mayi wa Atatu:
Eya achimwene, Wi-Fi timathimitsa 10 koloko, ndipo data yake imatha msanga. Ndabwereranso pa bilu, n'zoona, pali malo pomwe mizere isanu ili pa 12:47 yonse. Mtima watsikako pang'ono, koma pang'ono pokha. Usiku ndi usiku basi.

Mlongo Wamkulu:
Amayi, ine ndilibe mwana, ndili ndi zaka 24, ndinalowa gulu lino chifukwa ndikulera mng'ono wanga. Mundilole ndiyankhule ngati mwana amene anawerengeredwapo foni.

Ndinali ndi zaka 16. Mayi anga anatenga foni yanga ndili m'tulo. M'mawa anandikhazika pansi, n'kuyamba kuwerenga mokweza zimene ndinalemberana ndi mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, mawu ndi mawu, mng'ono wanga ali pomwepo. Munalibe choipa chilichonse, zinali zachibwana za ana ofunana. Koma manyazi amene ndinamva tsiku limenelo ndimawamvabe m'thupi. Chimene ndinaphunzira n'chiyani? Kufufuta. Meseji iliyonse ndinkaifufuta ndikangowerenga. Dzina la mnyamata ndinalisunga ngati la mtsikana. Kenako ndinapeza SIM yachiwiri, ndinkaibisa kuseri kwa kava ya foni. Mayi anga ankati ndasintha, ndakhala mwana wabwino.

Patapita chaka ndinakumana ndi vuto lenileni, munthu wina wamkulu ankanditsatira ndikamachokera kusukulu. Sindinawauze. Ndinkaopa kuti andifunsa kuti nambala yanga anaipeza bwanji, n'kutulukira SIM ija. Ndinalimbana nazo ndekha miyezi itatu. Bambo wa Mapasa akuti mkwiyo umatha. Mkwiyo unathadi. Chimene sichinabwerere ndi kuwauza zinthu.

Bambo wa Mapasa:
Pepa mwanawe, zimene anachita mayi akozo zokuwerengera pagulu n'zolakwika, sindikuikira kumbuyo. Koma cholakwika chinali kukuchititsa manyazi. Kholo likhoza kuwerenga mwakachetechete, likapeza kuti palibe choopsa n'kungokhala chete. Mwana sadziwa, palibe wavulala.

Mlongo Wamkulu:
Timadziwa bambo. Meseji imene sunaitsegule umaipeza yotsegulidwa. Foni unaisiya chafufumimba umaipeza chagada. Kapena kholo limafunsa funso loti silikanafunsa likanapanda kuona. Ndipo mukawerenga kamodzi osapeza kanthu, mwezi wamawa muwerenganso, chifukwa nkhawa sitha ndi kuwerenga kamodzi.

Aphunzitsi a Sekondale:
Ndakhala ndi ana a msinkhu uwu zaka zambiri, ndipo nkhani iyi imabwera ku ofesi kwanga pafupifupi teremu iliyonse. Pali mfundo imene makolo timailumpha: mu foni ya mwana wanu mulibe zinsinsi zake zokha. Muli za anzake. Mtsikana amene wauza mwana wanu kuti kwawo makolo akumenyana, kapena kuti ali ndi matenda ena ake, sanauze inu. Mukawerenga, mwalowa m'chipinda cha ana a eni ake ambirimbiri nthawi imodzi.

Za malamulo, Pangano la United Nations la Ufulu wa Ana la 1989, m'ndime 16, limati mwana asalowereredwe mwachisawawa pa zachinsinsi zake, kuphatikizapo makalata ake. Koma pangano lomwelo, m'ndime 5, limalemekeza udindo wa makolo wotsogolera mwana molingana ndi momwe nzeru zake zikukulira. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu ndi chisamaliro cha ana, la 1990, linanena poyera m'ndime 10 kuti mwana ali ndi ufulu wa chinsinsi, koma makolo ali ndi ufulu woyang'anira khalidwe lake pamlingo woyenera. Onani mawu awiriwo, "mwachisawawa" ndi "woyenera". Palibe pamene akuti kholo lisaone kanthu, palibenso pamene akuti lione chilichonse. Wa zaka 10 ndi wa zaka 15 sangayang'aniridwe mofanana.

Kwa ine, bilu mwaona mwachilungamo. Ndi yanu, inabwera kwa inu. Muli ndi chifukwa chokwanira chofunsira. Mulibe chifukwa chokwanira chothyolera chitseko.

Bambo wa Mapasa:
Aphunzitsi, mapanganowo ndi abwino, koma zinthu zikavuta sabwera kudzakhala nanu pa benchi ya kuchipatala.

Mayi Wongolowa Kumene:
Bwanji osangoimbira nambalayo ndi foni ina mumve mawu? Kapena pali mapulogalamu oti mumaika mu foni ya mwana, iye osadziwa, meseji iliyonse imabwera kwa inu. Mnzanga wa kuntchito amagwiritsa ntchito.

Wokonza Mafoni:
Achemwali, mapulogalamu obisikawo chonde asiyeni. Anthu amabwera nawo kwa ine kuti ndiwaikire, ndimakana. Zonse zimene pulogalamuyo yatola, mameseji, zithunzi, komwe mwana ali, zimapita kaye pa makompyuta a kampani imene inaipanga, inu n'kumaonera kumeneko. Mu 2018 zinadziwika kuti kampani ya TeenSafe inasiya makompyuta ake osatseka, ndipo ma imelo ndi mapasiwedi a Apple a ana masauzande anali poyera, wina aliyense akanatha kuwatenga. mSpy nayo yabedwa zinsinsi za anthu kangapo. Mukufuna kuteteza mwana kwa mlendo mmodzi, n'kupereka moyo wake wonse kwa alendo osawerengeka.

Zilipo zida zina zoti mwana amadziwa kuti zilipo. Family Link ya Google ndi Screen Time ya Apple zimakuthandizani kuika nthawi yoti foni igone, ndi kuona mapulogalamu amene akudya nthawi yake. Pa Snapchat pali Family Center, ndipo Instagram inayambitsa maakaunti a achinyamata mu 2024. Zonse ziwirizi zimaonetsa kholo anthu amene mwana walemberana nawo m'masiku 7 apitawa, koma osati mawu ake. Mukaona bwino, n'chimodzimodzi ndi bilu yanu ija: ndani, liti, basi.

Kuimbira nambalayo nakonso ndikukayika nako. Ngati ndi mwana mnzake, mawa kusukulu nkhani ili m'kamwam'kamwa. Ngati ndi munthu woipa, mwamutsina khutu, afufuta zonse n'kuuza mwana wanu kuti asamukire kwina kumene simungaone.

Mlangizi wa Achinyamata:
Ndisanene kuti kuwerenga n'kolakwika nthawi zonse, chifukwa ndaona ana amene anapulumuka chifukwa kholo linatsegula foni. Bambo wa Mapasa ali ndi mfundo. Mu December 2022 bungwe lofufuza milandu la FBI ku America linachenjeza za akuba amene amadzionetsa ngati mtsikana pa intaneti, n'kunyengerera mwana kuti atumize chithunzi chamaliseche, kenako n'kumamuopseza kuti achimwaza akapanda kutumiza ndalama. Ambiri ogwidwa mumsampha umenewu ndi anyamata, ndipo ena anadzipha. Mwana amene ali m'zoterezi sanena, manyazi amamutseka pakamwa.

Ndiye funso langa kwa inu mayi si la 412. Mwana wanu wasintha? Akudya? Wasiya anzake akale? Ali ndi zinthu zatsopano kapena ndalama zosadziwika kochokera, kapena ndalama zikusowa m'nyumba? Foni ikalira amadzidzimuka, nkhope n'kugwa? Wavala zamikono italiitali nthawi yotentha? Ngati zotere zilipo, foniyo muione lero, koma muione naye limodzi. Mumuuze kuti, "Ndili ndi mantha, ndikufuna tione pamodzi, sindikulanda ndipo sindikukalipira." Mawu oti sindikulanda ndi ofunika kwambiri. Ana ambiri amabisa zoopsa chifukwa akudziwa kuti chilango choyamba ndi kulandidwa foni, ndipo foni ndi kumene kuli anzawo onse.

Ngati zizindikirozo palibe, yambani ndi chimene mukuchidziwa motsimikiza: mwanayo sakugona. Wa msinkhu wake amafunika maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Imeneyo yokha ndi nkhani yokwanira kukhalira pansi.

Mayi wa Atatu:
Akudya bwino, anzake ndi omwe aja. Koma m'mawa amadzuka maso ali psuu, ndipo masabata awiriwa wakhala wokwiyakwiya. Lamlungu anakalipira mng'ono wake chifukwa chongokhudza chikwama chake, kenako anakadzitsekera kuchipinda n'kumalira. Ine ndimati ndi msinkhu.

Agogo a Gulu:
Mwananga, ine za mafoni sindizidziwa bwino, mdzukulu ndiye amandilembera. Nthawi yathu kunali makalata, ndipo makolo ankakumana ndi yesero lomweli, envelopu ili m'manja, mwini wake kulibe. Chimene ndikufuna kunena n'china. Iwe ukudandaula kuti mwana akukubisira, pomwe iwenso ukubisira bambo ake. Nyumba imodzi zinsinsi ziwiri. Mutu umodzi susenza denga. Uyambe wayankhula ndi mwana, inde, koma bambo akewo usawasiye kunja nthawi yaitali. Adzamva ndithu, ndipo akadzamva mochedwa ukali wake udzaposa umene ukuuopawo.

Mayi wa Atatu:
Ndamva agogo. Zandilasa, koma n'zoona.

Mlongo Wamkulu:
Amayi, mukamayankhula naye musamuyang'ane m'maso mutakhala moyang'anizana ngati kukhothi. Muchite muli pa ntchito ina, manja ali otanganidwa. Ndipo muyambe ndi kumuuza kuti simunawerenge. Ndicho chinthu choyamba chimene adzafune kudziwa, ndipo sadzamva china chilichonse mpaka atadziwa chimenecho.

Mayi wa Atatu:
Ndabwerera anzanga, papita masiku atatu. Ndinachita monga munanenera. Tinali kupinda zovala awiriwiri kuchipinda kwanga. Ndinati, "Bilu ya foni yabwera, ndaona nambala ina imene umalemberana nayo usiku." Anaima, malaya a bambo ake ali m'manja, n'kundifunsa kuti, "Mwawerenga?" Ndinati ayi. Ndinamuuzanso zoona zake, kuti foni ndinaitenga akusamba, pasiwedi ndimaidziwa, koma ndinaibweza. Anakwiya. Anati ndimamuzonda, anati bilu ikuonetsa zimenezo bwanji osamuuza kale. Pamenepo ndinavomera kulakwa, sindinamuuzepo kuti nambala zimaoneka, chifukwa inenso sindinkayang'ana. Anatuluka. Ndinapitiriza kupinda ndekha, manja akunjenjemera.

Patapita mwina theka la ola anabwerera, n'kukhala pansi pafupi ndi bedi, nsana atandipatsa. Nambalayo ndi ya mnzake wamkazi wa m'kalasi, mwana woti ndimamudziwa, anabwerapo kuno. Analandidwa foni yake, ndiye amagwiritsa ntchito kafoni kakale ka mabatani kopanda intaneti, n'chifukwa chake SMS. Kwawo zinthu sizili bwino, makolo akulekana, usiku kumakhala phokoso. Mwanayo sagona, ndiye amalembera mwana wanga, ndipo anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Mwana wanga wakhala akudzikakamiza kukhala maso kuopa kuti akagona mnzakeyo atsala yekha. Ndiye anayamba kulira, n'kunena kuti sabata yatha mnzakeyo analemba kuti akulakalaka atagona osadzukanso.

Anzanga, mwana wa zaka 15 wasenza zimenezi yekha masabata atatu, ine ndili chipinda chinacho ndikuganiza za zibwenzi. Tsopano ndili ndi chinsinsi cha mwana wa eni ake m'manja. Nditani nacho?

Bambo wa Mapasa:
Mayi, ndathokoza kuti mwana wayankhula, ndipo ndikuvomera kuti njira yanu yabala zipatso. Koma ndifunse, musandimve molakwa. Mwatsimikiza kuti ndi mnzakeyodi? Ana akapanikizika amatchula dzina limene kholo lingakhulupirire. Ndiponso taganizani, mukanawerenga tsiku lija, uthenga wa kugona osadzukawo mukanauona masiku atatu m'mbuyomo. Masiku atatu ndi ambiri pa nkhani ngati imeneyi.

Mayi wa Atatu:
Funso lanu ndi labwino bambo, nanenso linandibwerera. Sindinapemphe, koma iye mwini anatsegula foni n'kundionetsa mameseji awiri amene anasankha yekha, kuphatikizapo umenewo. Dzina la mng'ono wake wa mtsikanayo lilimo, ndi zina zoti ndikuzidziwa. Ena onse sindinaone ndipo sindinafunse. Za masiku atatuwo, ndaziganizira kwambiri. Mwina mukunena zoona. Koma ndikanauona ndekha usiku, ndikanathamangira kwa makolo a mwanayo m'mawa mwake, mwana wanga n'kukhala wachinyengo pamaso pa mnzake, ndipo mtsikanayo akanataya munthu mmodzi yekhayo amene amamuuza.

Mlangizi wa Achinyamata:
Mayi, apa tsopano nkhani yasintha, ndipo isagone. Mawu oti ndikufuna kugona osadzuka si chinsinsi choti n'kusunga, kaya analumbira chotani. Mumuuze mwana wanu momveka kuti sanapereke mnzake, wamuthandiza, ndipo ntchito yomulondera usiku si yake. Chabwino n'chakuti iye mwini amuuze mnzakeyo kuti, "Ndawauza amayi anga chifukwa ndimakukonda ndipo ndachita mantha." Akwiya mwina, koma amve kwa mnzake, asamve kwa ena.

Kenako pakhale munthu wamkulu wodziwa ntchitoyi, mlangizi wa kusukulu kapena wa zaumoyo. Popeza vuto likuchokera kunyumba kwawo, musayambire kwa makolo ake musanadziwe ngati mwanayo ali otetezeka kumeneko. Mumufunse iye kuti ndi wamkulu uti amene amamukhulupirira, kaya azakhali, kaya mphunzitsi. Mukakumana naye musaope kufunsa mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, kawirikawiri kumamupeputsa. Akanena kuti wakonza kale njira kapena tsiku, asasiyidwe yekha, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mumupatsenso nambala ya ulere yothandiza ana. M'maiko ambiri a mu Africa ndi 116, ku Ulaya ndi 116 111, ndipo imagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani. Ku Britain, mafoni opita ku Childline saoneka n'komwe pa bilu, anachita dala kuti mwana amene vuto lake lili m'nyumba athe kuimba mosaopa.

Aphunzitsi a Sekondale:
Ndiwonjezere kuti mukapita kusukulu mupemphe kuonana ndi munthu mmodzi, osati kufotokozera aliyense amene mwamupeza mu ofesi. Nkhani za ana zimayenda msanga m'makonde.

Agogo a Gulu:
Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsikanayo umuitane adzagone kwanu Loweruka, apumeko phokosolo. Nanga bambo aja wawauza?

Mayi wa Atatu:
Ndawauza usiku wathawu agogo, mwana ali pomwepo, chifukwa anapempha yekha kuti amve zimene ndinene. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati mtsikanayo ali ndi pothawira zikavuta usiku. Za kulanda foni sanatchule, koma anenetsa kuti kuyambira lero izigona pabalaza 10 koloko ikakwana. Apa ndiye panavuta. Mwana analira kuti mnzake akalemba 1 koloko osayankhidwa aganiza kuti wamutaya. Tamanga mfundo yakuti foni izigona kuchipinda kwathu, mbali yanga, belu lili lotsegula. Ikalira usiku ndizimudzutsa, ayankhe yekha ine ndili pambali, sindiwerenga pokhapokha iye atandionetsa. Mnzakeyo wauzidwa zimenezi, ndipo ndamupatsa nambala yanga. Sanayankhe tsiku lonse, mwana wanga anali ngati wodwala. Madzulo ano walemba mawu amodzi okha, akuti "chabwino".

Pasiwedi mwana wanga wasintha, wandiuza yekha, ndipo sindinatsutse. Ndamuuza kuti bilu ndiziyang'ana mwezi uliwonse ndipo azidziwa zimenezo. Mawa 7 koloko tikupita tonse atatu kwa mlangizi wa kusukulu, mtsikanayo wavomera bola mwana wanga alowe naye. A Mlangizi, ine ndilowe nawo kapena ndidikire panja?

Mlangizi wa Achinyamata:
Mumufunse mtsikanayo pakhomo pomwepo. Akati mudikire panja, dikirani, koma musachoke mpaka atuluke.